Varroa, nkhupakupa ya njuchi: mankhwala ake amasiyana pati?

Mukatenga foloko n'kuboola phula limene njuchi zamatira ana aamuna m'chisa, anawo amatuluka atakodwa ku mano a folokoyo, ali oyera mbee. Ngati mng'omawo uli ndi vuto limene tikukambali, pa matupi oyerawo mumaona timadontho tofiirira, taphwatalala, tating'ono ngati njere ya mawere. Mukakhala chete n'kuyang'anitsitsa, kadontho kaja kamayamba kuyenda. Ameneyo ndiye varroa. Ali ndi miyendo 8, ndi m'bale wake wa nkhupakupa ya ng'ombe, ndipo kwa alimi a njuchi a ku Ulaya ndi ku America palibe mdani amene wawagonetsa mochedwa kuposa iyeyu.

Kwawo kwenikweni ndi ku Asia, kumene wakhala ndi njuchi ya kumeneko yotchedwa Apis cerana kuyambira kalekale. Awiriwo amadziwana. Varroa amaswana makamaka mwa ana aamuna a njuchi imeneyo, ndipo njuchizo zimadziwa kumuchotsa pa matupi awo. Zinthu zinasokonekera anthu atatengera njuchi ya ku Ulaya, Apis mellifera, kum'mawa kwa Russia ndi ku Japan. Kachilomboka kanalumphira pa njuchi yachilendoyo, imene sinkadziwa n'komwe chimene chaikwera. Kuchokera apo kanayenda ndi malonda a njuchi: ku Germany kanapezeka mu 1977, ku United States mu 1987, ku Britain mu 1992, ku South Africa mu 1997, ku New Zealand mu 2000. Australia inakhala zaka zambiri ili yokhayo yopanda varroa pakati pa maiko olima njuchi kwambiri, mpaka mu June 2022 pamene anamupeza pa doko la Newcastle. Boma linapha ming'oma masauzande ambiri poyesa kumuthetseratu, koma mu September 2023 linavomera kuti zakanika. Dzina loti Varroa destructor linabwera mu 2000, akatswiri awiri, Anderson ndi Trueman, ataonetsa kuti amene akupha njuchi padziko lonse si Varroa jacobsoni, amene anayamba kupezeka pa chilumba cha Java, monga anthu ankaganizira, koma mtundu wina.

Munthu sangamvetse chifukwa chake mankhwala ake ali ambirimbiri, ndiponso chifukwa chake alimi amakangana za amene ali abwino, asanadziwe kumene varroa amabisala. Nkhani yonse yagona pamenepo.

Varroa wamkazi amakwera pa njuchi yolera ana, kudikira. Mphutsi ya njuchi ikatsala pang'ono kumatidwa, iye amatsika n'kulowa m'kachipinda kake, n'kukabisala pansi m'chakudya cha mphutsiyo. Njuchi zimabwera kudzamata ndi phula osadziwa kuti zatsekera mlendo. Patapita masiku pafupifupi atatu amaikira dzira loyamba, limene limakhala lamphongo, kenako ena aakazi, limodzi pa maola 30 aliwonse. Anawo amakula, amakweranira momwemo, ndipo njuchi ikamatuluka mayi uja amatuluka ndi ana ake aakazi amene akhwima. Mwana wa njuchi yantchito amakhala womatidwa masiku pafupifupi 12, ndiye mumatuluka mwana wa varroa mmodzi kapena awiri. Mwana wamwamuna amakhala masiku 14 kapena kuposerapo, ndiye mumatuluka awiri kapena atatu. N'chifukwa chake varroa amakonda zisa za ana aamuna. M'nyengo imene mfumukazi ikuikira kwambiri, chiwerengero cha varroa chimatha kuwirikiza kawiri mwezi uliwonse, ndipo ambiri mwa iwo, nthawi zina mpaka 80 pa 100 aliwonse, amakhala ali kuseri kwa phula.

Kwa zaka zambiri mabuku ankanena kuti varroa amayamwa magazi a njuchi. Mu 2019 Samuel Ramsey ndi anzake anaonetsa kuti chakudya chake chachikulu ndi mafuta a m'mimba mwa njuchi, amene amagwira ntchito yofanana ndi chiwindi mwa munthu. Komabe chimene chimamaliza mng'oma kawirikawiri ndi mavairasi amene varroa amalowetsa poboola, makamaka amene amapunduza mapiko. Mukaona njuchi zazing'ono zikukwawa pakhomo la mng'oma, mapiko ali opotoka ngati pepala lonyowa, dziwani kuti zafika pa mwana wakana phala.

Mlimi wanzeru sadikira zimenezo. Amawerenga. Amatenga felemu ya ana (timatabwa timene njuchi zimamangamo chisa), kuonetsetsa kuti mfumukazi palibe, n'kukutumulira njuchi m'beseni. Amatapa theka la kapu, zimene ndi njuchi pafupifupi 300, n'kuziika m'botolo la spiriti, n'kukhutchumula kwa mphindi imodzi. Akasefa, varroa amatsala pansi ngati tinsenga ta tiyi. Akapeza 9, ndiye kuti pali atatu pa njuchi 100 zilizonse, ndipo alangizi ambiri amati pamenepo, kapena ngakhale pa awiri, nthawi yothira mankhwala yakwana. Ena samva bwino kupha njuchi 300, ndiye amagwiritsa ntchito shuga wosalala ngati ufa: njuchi zimatuluka zamoyo, zili mbuu ngati ana osewera pa phulusa. Njira imeneyi imaphonya ena, makamaka kukakhala chinyezi shuga n'kumamatirira. Ine ndimaona kuti njuchi 300 si kanthu poyerekeza ndi mng'oma wa njuchi 30,000, ndipo kuwerenga kolakwika n'koopsa kuposa kusawerenga, chifukwa kumakugonetsa tulo.

Mankhwala oyamba kutchuka anali opangidwa m'mafakitale, oikidwa pa tizidutswa ta pulasitiki timene amapachika pakati pa mafelemu. Njuchi zikamadutsa zimadzipaka mankhwalawo n'kumapatsirana. Apistan, amene mankhwala ake ndi tau-fluvalinate, ankaoneka ngati chozizwitsa: kupachika, kusiya masabata 6 kapena 8, varroa pafupifupi onse n'kugwa. Bayvarol, wa flumethrin, ndi wa banja lomwelo, banja lomwe lija la mankhwala a m'masikito a udzudzu. Tizidutswati timakhala nthawi yaitali choncho chifukwa mankhwalawo saboola phula. Amangodikira pakhomo kuti varroa aliyense atuluke.

Koma chinthu chophweka chimagwiritsidwa ntchito mopitirira. Alimi ankapachika chaka ndi chaka, ena osachotsa n'komwe, ndipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 ku Italy kunapezeka varroa wosamva Apistan. Ku Britain zinafika mu 2001. Ife Amalawi nkhani imeneyi si yachilendo. Chloroquine atasiya kuchiza malungo, dziko lathu linamusiya mu 1993 n'kuyamba Fansidar, ndipo patapita zaka ofufuza anapeza kuti tizilombo ta malungo tayambiranso kumumva chloroquine uja. Varroa nayenso amachita zofananako: mukasiya Apistan kwa zaka zingapo amayambanso kugwirako ntchito, koma mukangobwereranso kumuthira kawirikawiri, kusamva kuja kumabwerera msanga. Vuto lina ndi loti mankhwalawa amalowerera m'phula ndipo sachokamo. Phula lakale likasungunulidwa n'kupangidwanso, amapita nawo. Coumaphos, amene anabwera kudzalowa m'malo, anali woipirapo pa nkhani imeneyi, ankasokonezanso kaleredwe ka mafumukazi, ndipo varroa sanachedwe kumuzolowera.

Amene anatsala ali chilili ndi amitraz, wogulitsidwa kwambiri m'dzina la Apivar. Woweta ng'ombe aliyense amamudziwa, pakuti ndi yemwe uja wa m'dibi la nkhupakupa. Sakhalitsa m'phula ngati anzake aja, ndipo kwa zaka zambiri varroa ankamumva ndithu, mwakuti alimi akuluakulu a ku America, amene amanyamula ming'oma masauzande pa malole kupita nayo ku minda ya almond ku California, anadalira iyeyu pafupifupi yekha. Kumayambiriro kwa 2025 alimi amenewa ananena kuti ataya ming'oma yoposa 60 pa 100 iliyonse. Akatswiri a unduna wa zaulimi wa dzikolo atapima ming'oma yakufayo anapeza mavairasi ochuluka, ndipo varroa amene anatola anali ndi chizindikiro cha kusamva amitraz. Sizitanthauza kuti Apivar watha ntchito paliponse. Zimatanthauza kuti amene wapachika ayenera kuwerenganso akamaliza, osangokhulupirira zolembedwa pa paketi. Ndipo mabokosi a uchi wodya amachotsedwa kaye asanapachike.

Gulu lachiwiri ndi la mankhwala amene amapezeka m'chilengedwe, ndipo apa m'pamene pali mkangano wokoma. Anthu amawatcha ofatsa, koma dzinali limanamiza. Kufatsa kwake n'koti sasiya zotsalira zoopsa m'phula, ndipo mpaka pano varroa sanawazolowere ngati mmene anachitira ndi enawo. Pa njuchi ndi pa munthu wothirayo, ena mwa iwo ndi aukali kwambiri.

Formic acid ndi asidi amene nyerere zina zimalavula podziteteza, ndipo mu uchi amapezekamonso pang'ono mwachibadwa. Ali ndi chinthu chimodzi chimene anzake onse alibe: mpweya wake umalowa kuseri kwa phula n'kupha varroa ali m'chipinda. N'chifukwa chake ntchito yake ndi yachidule, masiku 7 kwa wogulitsidwa m'dzina la MAQS, masiku 14 kwa wa dzina la Formic Pro, ndipo m'maiko ambiri amaloledwa ngakhale mabokosi a uchi ali pomwepo. Ku Germany alimi ambiri amathira asidi wamadzi m'kachipangizo komutulutsa pang'onopang'ono. Koma walira mvula walira matope. Mphamvu yomweyo imene imaboola phula imapha mazira ndi mphutsi zina, ndipo nthawi zina mfumukazi imafa kapena njuchi zimaikana. Zonse zimadalira kutentha. Opanga amati kunja kukhale pakati pa madigiri 10 ndi 29. Kukazizira kuposa apo asidi satuluka mokwanira, kukatentha kuposa apo amatuluka yense nthawi imodzi, njuchi n'kukhamukira panja kudzaunjikana pakhomo. Masiku atatu oyambirira ndiwo oopsa. Mankhwala amenewa ku Scotland ndi abwenzi, koma taganizani kuwaika mu mng'oma ku Nsanje mwezi wa October.

Oxalic acid ndi wotsika mtengo kuposa onse. Amapezeka mu sipinachi ndi mu bonongwe yemwe. Kathiridwe kake kali pawiri. Ena amamusungunula m'madzi a shuga n'kudonthezera mamililita 5 pa mpata uliwonse wa mafelemu pamene pali njuchi. Ena amamutenthetsa pa kachitsulo kuti asanduke utsi woyera umene umamata paliponse mu mng'omamo. Utsi umenewo si wosewera nawo. Ofunika chophimba kumaso chenicheni cha asidi, osati kansalu kaja tinkavala nthawi ya Covid.

Oxalic amapha oposa 90 pa 100 aliwonse a varroa amene wawapeza poyera, koma kuseri kwa phula safikako ngakhale pang'ono. Tiyerekeze mng'oma uli ndi varroa 1,000 pakati pa chilimwe cha ku Ulaya, 700 ali m'zipinda, 300 ali pa njuchi. Mwathira oxalic, wapha 285. Atsala 715, ndipo mawa lake akuyamba kutuluka. Mng'oma womwewo mu December, mfumukazi itasiya kuikira chifukwa cha chisanu, varroa onse 1,000 ali poyera, ndipo kuthira kamodzi kumasiya 50 okha. Mankhwala ndi amodzimodzi, mlingo ndi umodzimodzi, chasintha ndi mwezi. Mukamva alimi awiri akutsutsana, wina akuti oxalic ndi wachabechabe wina akuti ndi mpulumutsi, afunseni tsiku limene anathira. Ena amayesa kuzemba vutoli pofukiza kangapo, masiku 5 kapena 7 aliwonse, ndipo tsopano kuli timakatoni toviikidwa mu oxalic ndi glycerin totulutsa asidiyo pang'onopang'ono kwa masabata angapo. Timathandiza kuti chiwerengero chisakwere, koma si tozimitsira moto umene wayaka kale.

Thymol amachokera ku kachitsamba konunkhira kotchedwa thyme. Wogulitsidwa m'dzina la Apiguard ndi wooneka ngati mafuta odzola, amaikidwa pamwamba pa mafelemu m'kambale ka magalamu 50, kenako kena patapita masabata awiri. Amafuna kunja kufunde kuposa madigiri 15. Njuchi zimadana ndi fungo lake ndipo poyesa kumutulutsa zimamumwaza mng'oma wonse, ndiyo ntchito yakeyo. Saboola phula, mphamvu yake imasinthasintha malinga ndi nyengo, mfumukazi imatha kuyamba yaleka kuikira kwa masiku angapo, ndipo uchi ukakhalamo umamveka fungo la mankhwala otsukira mkamwa. Ndi wapakatikati pa zonse, ndipo kwa munthu wa ming'oma iwiri kuseri kwa nyumba nthawi zambiri zimenezo n'zokwanira. Kulinso HopGuard, wochokera ku hop wofululira mowa, koma mphamvu yake ndi yocheperapo ana akakhalapo.

Choncho mlimi wa ku Britain kapena ku Poland amene zinthu zikumuyendera safunsa kuti mankhwala abwino ndi ati. Amafunsa zinthu zitatu: kodi muli ana omatidwa, kodi muli uchi wodya, kodi kunja kwatentha bwanji. Akafula uchi kumayambiriro kwa August amathira formic, thymol kapena amitraz. August ndi wofunika chifukwa njuchi zobadwa mu September ndi October ndizo zimakhala miyezi yonse ya chisanu, pamene za m'chilimwe zimangokhala masabata 6. Zikabadwa zitadyedwa kale mafuta aja sizifika mu March. Munthu wothira mu October amapha varroa ndithu, koma njuchi zimene ankafuna kupulumutsa zinavulala kale. Kenako mu December amamaliza ndi oxalic, ndipo chaka chamawa amasintha mankhwala a mu August aja.

Palinso njira zosafuna botolo lililonse, zongogwiritsa ntchito khalidwe la varroa mwini. Popeza amakonda ana aamuna, mlimi amaika felemu yoti njuchi zimangepo chisa cha ana aamuna okhaokha, ndipo akamatidwa amachidula n'kuchiika mufiriji kapena kupatsa nkhuku. Msampha umenewu uli ndi mano: mukaiwala n'kupitirira masiku 24, ana aja amatuluka ndipo mwaweta varroa ndi manja anu. Alimi a ku Italy, kumene chisanu sichiletsa mfumukazi kuikira nthawi yaitali, anatchukitsa njira yoitsekera m'kakhola kwa masiku pafupifupi 25. Ana onse omatidwa amatuluka, atsopano palibe, varroa amasowa kobisala, ndipo oxalic amagwira ntchito mu July ngati kuti ndi December. Kugawa mng'oma pawiri kumachitanso zofanana, chifukwa mbali imodzi imakhala kanthawi yopanda ana.

Nanga osathira n'komwe? Funso limeneli limadanitsa anthu m'magulu a alimi a njuchi. Mu 1999 katswiri wa ku Sweden, Ingemar Fries, anaika ming'oma 150 pa chilumba cha Gotland n'kuisiya osathira kanthu. Yambiri inafa, inatsala yowerengeka, ndipo yotsalayo inayamba kukhala ndi varroa koma osafa. Thomas Seeley anapeza zofanana ndi njuchi zam'tchire za m'nkhalango ya Arnot ku New York, zimene zimakhala m'mphako zazing'ono, motalikirana, ndipo zimasamuka kawirikawiri. Ku Baton Rouge, akatswiri a boma la America anasankha njuchi zimene zimanunkhiza chipinda chimene varroa akuswana n'kuchitsegula, ndipo mu 1997 anabweretsanso njuchi za ku Primorsky ku Russia, zimene zakhala ndi varroa nthawi yaitali kuposa zina zonse za mtundu wa mellifera. Zonsezi n'zoona. Koma mlimi wa ming'oma itatu m'tauni amene wasankha kusathira sali pa chilumba. Mafumukazi ake amakwerana ndi njuchi zazimuna za aliyense, ndipo mng'oma wake ukamafa njuchi za anansi zimabwera kudzaba uchi n'kubwerera kwawo zitanyamula varroa. Amene anathira bwino mu August amapeza chiwerengero chakweranso mu October, osadziwa kuti zachokera kuseri kwa mpanda.

Ku Africa kuno nkhaniyi inayenda mwina. Varroa atafika ku Western Cape ku South Africa mu 1997 anthu ankaopa kuti ulimi wa njuchi watha. Ming'oma ina inafadi zaka zoyambirira, koma alimi ambiri sanathire mankhwala, ndipo njuchi zam'tchire, zimene ndi zochuluka kuposa zoweta, palibe amene akanazithira. Mike Allsopp wa ku Agricultural Research Council anatsatira nkhaniyi ndipo mu 2006 analemba kuti njuchi za ku Cape zinayamba kupirira patapita zaka 3 mpaka 5, ndipo za m'madera ouma a kumtunda, zotchedwa scutellata, zaka 6 mpaka 7. Ku Kenya varroa anapezeka mu 2009, ndipo mu 2014 Elliud Muli wa ku icipe, bungwe lofufuza za tizilombo, ndi anzake, atayendera malo owetera njuchi m'dzikomo, analangiza alimi kuti asathire mankhwala, popeza njuchi sizinkaoneka kuti zikugonja.

Zifukwa zake ndi zinthu zomwe zija alimi athu amadandaula nazo. Njuchi za kuno zimasamukasamuka, zikavutitsidwa zimathawa n'kusiya mng'oma ndi ana omwe, ndipo varroa wa m'zipinda amatsala pomwepo kufa. Ana ake amakhwima msanga pang'ono kuposa a njuchi za ku Ulaya, ndiye ana a varroa ambiri amapezeka asanakhwime chipinda chikatseguka. Zimachotsanso msanga ana odwala. Ngakhale kafulidwe kathu kamathandiza: mu mng'oma wa chipika, wa khungwa ngati ya kumpoto chakumadzulo kwa Zambia, kapena wa Kenya top bar, chisa chimadulidwa chonse ndipo njuchi zimamanga chatsopano, pamene mu mng'oma wa mafelemu wa Langstroth chisa chomwecho chimabwerera zaka ndi zaka.

N'chifukwa chake ndimachita mantha ndikaona malangizo a ku Ulaya akukopedwa osasinthidwa, kuti thirani mu August, bwerezani mu December. Kalendala imeneyo inapangidwira chisanu chimene ife tilibe ndi njuchi zimene si zathu. Choopsa kwambiri n'choti amitraz ndi flumethrin ali kale m'masitolo a mankhwala a ziweto, m'mabotolo a dibi, ndipo munthu akamva kuti ndi omwewo angaganize zoviika katoni n'kuponya mu mng'oma. Mlingo wa ng'ombe si wa njuchi, zosungunulira za m'dibi sizinapangidwire chakudya cha anthu, ndipo uchi ndi phula za m'nkhalango za miombo zimagulidwa kunja pa mtengo wabwino chifukwa choti mulibe mankhwala. Ogula a ku Ulaya amapima asanalandire. Amene waona kadontho kofiirira pa mwana wa njuchi ayambe ndi botolo la spiriti lija ndi theka la kapu, alembe chiwerengero ndi tsiku m'kope, abwerezenso mwezi wamawa pa mng'oma womwewo, ndipo kopelo akamuonetse mlangizi.